Nkhata za Chingwe M'denga

Lolemba, 21 Okutobala 2024

Yafanso. Nthawi yake yomwe ija, 12 koloko itangodutsa. Pa swichi, bokosi limene zingwe zonse za makompyuta zimakumanamo, kanyali ka nambala 7, kamene kamasonyeza kuti kompyuta ya ku chipinda cha mankhwala ikumvana ndi ya kuno ku ofesi, kanayamba kuphethira ngati munthu wogwidwa tulo m'tchalitchi, kenaka kanazima. Kanadzuka kokha cha m'ma 4.

Miyezi iwiri chibwerereni kuno kwa Mbenje, ndipo ntchito imene bungwe linanditumira ndi imodzi: kulumikiza makompyuta a kachipatala kathuka. Zingwe zina zonse zikugwira bwino. Chovuta ndi chimodzi chokhachi, chachitali kuposa zonse.

Priska, kalaliki wa ku mankhwala, anabwera akuthamanga, thukuta lili kamukamu, atasiya odwala atadzaza benchi. Popanda netiweki sangaone zimene adokotala alemba, amayenera kuyenda ndi timapepala uku ndi uku. "Asisi Prudence, makina anu aja adwalanso malungo a masana." Ndinaseka kuti ndioneke ngati ndikudziwa mankhwala ake. Ndinayeza ndi tesita: timanyali tonse tisanu ndi titatu tinayaka motsatana, ndiye kuti palibe waya woduka m'kati. Ndinadula mitu yonse iwiri ya chingwecho, nkufinyira yatsopano. Palibe chasintha.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Madigiri 43 pa choyezera cha ku labu. Madzi a pa mjigo ndi amchere, sopo sachita thovu. Nditaweruka ndadya mbatata ndi tiyi nditakhala pakhomo, mbuzi za eni nyumba zikundiyang'ana. Ndizo zokha zimene zimandiyang'ana nthawi yaitali kuno. Anthu ndi abwino, moni amandipatsa, koma nkhani ikangoyamba kukoma amalowa m'Chisena, ine nkutsala panja.

Amayi anaimba kuchokera ku Dedza. Akuti kwachita kamphepo, avala juzi. Ndinawauza kuti zonse zili bwino.

Ndikungoganiza za msonkhano wa ku Blantyre uja. Mkulu wina ananena kuti pakati pa nyumba ziwirizi tiike faiba, chingwe cha galasi choyendetsa kuwala, chimene mtunda suchiopsa. Ine amene sindilankhula pa misonkhano, tsiku limenelo ndinakweza dzanja. Ndinati ndayeza ndi tepi: kuchokera pa swichi, kulowa m'denga, kutsata khonde la malata lolumikiza nyumbazo, mpaka pa tebulo la ku mankhwala, ndi mamita 88. Chingwe wamba cha makompyuta, Cat6, chimafika mamita 100. Faiba ikaduka kuno aluzanitsa ndani? Cat6 ndi mkuwa, ndikhoza kuikonza ndekha ndi pulayala. Anagwedeza mitu kuvomereza. Nditakhala zaka zitatu digiri ili m'sutikesi, aka kanali koyamba anthu kugwedezera mutu mawu anga.

Lachitatu, 23 Okutobala

A Sebastiano, inchaji wa chipatala chino, apeza "gwero". Analowa ku mankhwala netiweki itangofa, nkupeza foni ya Priska italumikizidwa ku kompyuta, ikutchaja. Amaitchaja masana aliwonse poti kwawo kulibe magetsi, ndipo mayi ake amamuimbira za mwana. Nthawi ikugwirizana, basi mlandu watha.

Anamukalipira pa windo pomwepo, odwala akumva. Zambiri zinali m'Chisena, ndinangotolamo "foni" ndi "nkhabe", amene ndi ayi wawo. Kenaka anasinthira ku Chichewa kuti nanenso ndimve: "Anthu akhala pano chiyambire m'mawa, iwe ukuyamwitsa foni yako pa makina a bungwe?" Atatero anatembenukira kwa ine. "Si choncho a Injiniya? Foni siingasokoneze zimenezi?"

Ndinati, "Mwina. Nthawi zina."

Foni siingaphe chingwe. Ndikudziwa zimenezo monga ndikudziwira dzina langa. Koma ndinati mwina.

Cha m'ma 5 ndimafuna kudula kachingwe kakafupi. Nditanyamula bokosi la Cat6, linapepuka m'manja. Linayenera kukhala lolemererapo. Ndinakhala pansi. Pa khungu la chingwe pamakhala manambala, mita iliyonse nambala yake. Pomwe chikulowera mu swichi: 212. Ndinadikira P. aweruke, ndinapita kukagwada pansi pa tebulo lake: 63.

149. Ndinachotsera kanayi, pa pepala ndi pa foni. 149.

Lachinayi, 24 Okutobala

Ku koleji unali mzere umodzi m'kope: mkuwa ukatentha, uthenga umafooka msanga. Ndinaulemba m'kalasi ya mawindo otsekula, sindinaganize za malata a ku Nsanje mu Okutobala. Chingwe cha mamita 149 m'mawa chikutsimphina nkufika. Dzuwa likakhala pamutu, chikugwa m'njira. Tesita yangayi ndi yotchipa, imangodziwa kuti waya ndi wosaduka, kutalika siiwerenga.

Mamita 61 owonjezerawo ali kuti? M'denga, kulibe kwina.

Tsiku lokoka chingwe ndinagwira makwerero ndekha. Bambo Kaitano, amene amasamalira pamalo pano, anandilanda mwaulemu. "Amayi mukwere denga ife tilipo? Anthu atiseka mpaka ku Bangula." Ndi munthu wa msinkhu wa bambo anga. Ndinatsala pansi, ndikusolola chingwe m'bokosi iwo akukoka. Ndinaona kuti chikupita chambiri, ndinaganiza kuti mwina maso anga. Kutentha kutandikulira ndinakakhala mu ofesi, nkusiya bokosi likudzizungulira lokha. Madzulo ake ndinasaina fomu: mamita 88, chayezedwa, chili bwino.

Za malire a mamita 100 sindinawauze. Ndinaona ngati kuphunzitsa munthu wamkulu kukoka chingwe nkupanda mwambo.

Lero ndinafika pa chitseko cha a S. Anali pa foni ndi a ku Blantyre. Ndinamva akuti, "Inde bwana, malipoti a mankhwala ali ndi mipata, koma munthu wake tamudziwa." Ndinaima pang'ono, kenaka ndinanamizira kuti ndikupita ku labu.

Mawa.

Lachisanu, 25 Okutobala

P. amuuza akapume kunyumba. Kontirakiti yake ikutha pa 31, ndipo a S. akuti saona chifukwa choiwonjezera. Pa windo aikapo anamwino, a Eveless.

P. anadutsa mu ofesi kudzasiya kiyi. Sanakhale pansi.

"Asisi, foni ndinasiya kutchaja kuyambira Lachitatu lija. Koma netiweki dzulo yafabe, lero yafanso. Mwaona nanu eti?"

"Ndaona."

"Iwo akuti ndinaononga kale. Inu ndi amene mumadziwa zinthuzi. Mukawauze."

"Ndikufufuza kaye."

Anandiyang'ana, kenaka anayang'ana swichi, ngati ingamuyankhe bwino kuposa ine. "Chabwino asisi. Fufuzani." Pa anthu onse pano ndi iye yekha amene ankati akaseka ndi anzake m'Chisena, amatembenuka kundiuza chimene asekera.

Ndaganiza chochita. Mawa kulibe odwala ambiri. Ndikwera, ndikonza mwakachetechete. Zikayamba kuyenda, mtima wa a S. uzizira, P. amuitana. Palibe wotayika, palibe wonyozeka. Ndawapempha bambo K. abwere m'mamawa.

Loweruka, 26 Okutobala

Ndakwera. Ndinavala buluku, ndipo nthawi ino makwerero sindinawasiye. Bambo K. anangoti, "Ee, zafika pamenepa?" nkugwira m'munsi.

7 koloko m'mawa, koma m'denga munali ngati mu uvuni ya njerwa. Fungo la mileme. Ndinakwawa pa mitanda ndi tochi m'kamwa, iwo akubwera pambuyo. Sindinapite patali. Nkhata ya chingwe, yozungulizidwa bwino ngati yosenzera mtsuko, yomangidwa ndi mlaza malo atatu, yopachikidwa pa msomali. Kutsogolo ina. Pomwe chingwe chikutulukira ku khonde, ina. Mu denga la ku mankhwala, ziwiri. Sindinaonepo ntchito yaudongo chotero.

Iwo anali akumwetulira, kuyembekeza kuti ndiyamikire. Ndinafunsa kuti bwanji.

Anandiuza tili chikhalire pa mtanda. Zaka makumi awiri ankaolotsa anthu kupita ku Makhanga, mpaka madzi anatenga bwato lawo. Iwo amati mwadiya. "Mwadiya sumangidwa ndi chingwe chothina, mayi. Madzi akakwera iwe uli kumudzi, chingwe chachifupi chimaukokera mphuno pansi, umapeza wamira uli chimangire. Umasiya china chigone. Kuno chilichonse chimasuntha, mtsinje umasuntha, mudzi umasuntha. Ndinati tsiku lina mayiwa adzafuna kusuntha tebulo, adzandithokoza."

Ndinadula kachidutswa, nkusenda kuti aone. Timawaya tisanu ndi titatu, topotana tiwiritiwiri, tating'ono ngati ulusi wa ukonde. Ndinati kupotanako kumathandiza kuti uthenga usasokonezeke, koma mphamvu yake ili ndi polekezera, ndipo kutentha kumaifupikitsanso.

"Ndiye mawu amatopa m'njira?"

"Amatopa."

"Nanga cha kwa Andrea wa vidiyo chija, chakuda chonenepa? Chachokera pa dishi kuseri kwa mlambe mpaka m'holo, mpira timaonera bwinobwino."

Ndinati chimenecho ndi mtundu wina, koakisho: waya mmodzi wonenepa pakati, atakutidwa ndi ukonde wa chitsulo. Chimapirira mtunda, ndipo kale makompyuta ankalumikizidwa nacho, koma a masiku ano alibe polowetsa. Ndinatchulanso faiba, kuti ikanakhala iyo, nkhata zawozo sizikanavuta. Anapukusa mutu. "Zingwe nazo zili ndi mitundu ngati nsomba. Ine ndimayesa chingwe ndi chingwe." Anapukuta thukuta ndi chipewa. "Nanga bwanji simunanene, mayi?"

Ndinayang'ana msomali.

Tinamasula nkhata zonse zisanu, tinakoka pang'onopang'ono kuti chisapindike, chotsala chonse chinatsikira ku mankhwala. Ndinadula, ndinaika mutu watsopano. Manambala tsopano akupereka 90. Chodulidwacho bambo K. anachikulunga pa chigongono, mwachizolowezi, nkundipatsa. Ndachiika pansi pa bedi.

Pochoka anafunsa, "Ndiye mwana wa eni ake uja wachotsedwa chifukwa cha nkhata zangazi?" Ndinati zikayenda Lolemba amubweza. Anati, "Pyadidi." Mawuwo ndimawadziwa, amatanthauza kuti zili bwino. Sanamveke choncho.

Lamulungu, 27 Okutobala

Mapemphero onse m'Chisena. Ndimaimirira ena akaimirira, ndimakhala ena akakhala.

Lolemba, 28 Okutobala

12 koloko, kanyali kali gwa. 1 koloko. 2 koloko, malata akulira ndi dzuwa, kali chiyakire. Ndinakhala ndikukayang'ana ngati mwana wodwala amene wayamba kudya. Kwa maola awiri ndinali wokondwa, ndilembe zimenezo.

Cha m'ma 3 a S. analowa akuomba m'manja. "Mwaona a Injiniya? Tachotsa munthu mmodzi, matenda atha! A Eveless agwira tsiku lonse osavutika. Ndiye wina azinena kuti ndinamulakwira?"

Sindinaganize zimenezi. Mutu wonsewu, sindinaganize. Ndakonza chingwe, ndipo chingwecho chasanduka mboni yonama. Lachisanu P. anali ndi mfundo imodzi, yakuti netiweki ikufabe foni palibe. Ndamulanda ndi manja angawa.

Andisiyira kalata yopita ku Blantyre. Pansi pali mzere wanga: kutsimikiza kuti zipangizo zinalibe vuto, vuto linali kagwiritsidwe ntchito. Akuti ndisaine, ipite mawa.

Nanenso ndili pa miyezi yoyesedwa. Ndikuganiza zobwerera ku Dedza ndi sutikesi ija, amayi akuuza anthu a kumpingo kuti ndabwera kudzapuma. Siginecha ndi kanthu kakang'ono, sekondi imodzi.

Potuluka ndinapeza bambo K. akusesa pansi pa mtengo wa nimu. Ndinawapatsa moni. Anayankha akuyang'ana tsache.

Lachiwiri, 29 Okutobala

Ndinanyamula chingwe chodulidwa chija m'jumbo mpaka ku msonkhano wa m'mawa. Pemphero litatha, a S. asanayambe, ndinachikhuthulira pa tebulo. Chinagwetsa kapu ya a Eveless.

Mawu ndinali nditawakonza, koma anabalalika. Ndinanena mosatsatana: mamita 100, mamita 149, kutentha, Loweruka. Ndinati foni inalibe mlandu ndipo siikanakhala nawo. 

A S. anagwira chingwecho, nkuchitembenuza. "Anakoka ndani?"

"Ndine, bwana," anatero bambo K. ali pa windo. Sindinadziwe kuti ali pomwepo.

Ndinati iwo anachita zimene amadziwa, ndipo anachita bwino. Wosawauza malire ndine, wosakwera kukaona ndine, wosaina 88 ndine.

"Ndiye inu munaima pambali panga, ine ndikukalipira munthu wosalakwa pamaso pa anthu, nkumati mwina?"

"Inde."

 A Eveless ankapukuta tiyi pa tebulo malo amodzimodzi. Kenaka a S. anatenga kalata ija, nkuipinda kanayi, nkuiika m'thumba la malaya. Akuti kontirakiti ya P. apempha iwonjezedwe, ngati mwini wake avomera kubwerera. Kalata yofotokoza za chingwe ndilembe ndine, dzina langa pansi. "Ndipo kwa Priska mupita ndinu. Ine nkhope yopita nayo ndilibe."

Ndalemba, ndatumiza. A ku Blantyre sanayankhebe. Masana onse palibe walowa mu ofesi muno.

Lachitatu, 30 Okutobala

Pa kabaza mphindi makumi anayi, fumbi mpaka m'mano. Wakabazayo anadziwa nyumba ndisanamalize dzina. "Kwa wa foni uja?" Ndiye kuti zafika kale kumeneko.

Ndinamupeza pa mthunzi akusoka neti ya udzudzu, mwana atagona pa miyendo. Mayi ake anafuna kutulutsa mphasa, iye anawauza kena kake, anabwerera nayo. Ndinafotokoza ndili chiimire. Anamvetsera osasiya kusoka.

"Munadziwa liti?"

"Lachitatu madzulo."

"Ndiye Lachisanu lija, ine ndikukupemphani, kiyi ali m'manja."

"Ndinkadziwa."

Analuma ulusi nkuudula. Anati pa mjigo amutcha wa foni. Mayi wina anamuloza pa msika kuti ndi amene anakhalitsa agogo ake pa benchi mpaka 4 koloko osadya. Ngakhale ntchito ya ku sitolo sangaipeze, ndani angamupatse makina?

Ndinati a S. akufuna abwerere, ndipo ndalemba kalata ku Blantyre yonena zonse.

"Kalata ya ku Blantyre anthu a pa benchi amaiwerenga? Ananditukwanira pa benchi, asisi. Mukandiyeretsere pa benchi pomwepo. Mawa ndi sikelo, amayi amadzaza mpaka panja. Mukaimirire munene ndi pakamwa panu. Mukapanda kutero, ntchito yanuyo ikhale, ndipita kudimba."

Ndinati Chisena sindidziwa.

"Nditanthauzira ndine."

Pobwerera wakabaza ankandicheza, sindinamve ngakhale chimodzi. Chiyambire sindinalankhulepo pamaso pa anthu oposa khumi osawerenga pa pepala.

Lachinayi, 31 Okutobala

Ndikulemba pa nthawi ya nkhomaliro.

P. anabwera 7 koloko, atavala bulauzi yoyera yosita. Amayi anali atadzaza mabenchi onse, ena pansi, ana akulira, sikelo ikulendewera pa mtengo. Atatha nyimbo yawo ndi phunziro la kadyedwe, a Eveless anati pali mlendo ali ndi mawu. A S. anaima pa chitseko cha ofesi yawo, manja kumbuyo.

Ndinaimirira. Ndinati dzina langa ndine Prudence, ndine ndinaika zingwe za makompyuta. P. anatanthauzira. Ndinati masiku aja munkadikira mpaka madzulo, wolakwa sanali Priska, sinali foni yake. Anatanthauzira pang'onopang'ono, akuyang'ana mzere uliwonse wa benchi. Ndinati chingwe chinatalika kupitirira muyeso chifukwa ine sindinakwere kukaona. Chiganizo chachifupi chimenecho iye anachitambasula, manja akukwera makwerero a m'malere, kenaka akudzipepesera mphepo ngati dona wa mu ofesi. Benchi yonse inagwa ndi phwete. Sindikudziwa zimene ananena. Sindinafunse.

Ndinati ndinadziwa zoona, nkukhala chete masiku asanu. Apa sanawonjezere kanthu. Anangonena, nkuonetsa zala zisanu. Kuseka kunatha.

Mayi wina wachikulire wa mpango wofiira anafunsa kanthu mokweza. P. anatembenukira kwa ine, nkhope ili gwa. "Akuti sukulu yonse munapitayo, kutsekula pakamwa sanakuphunzitseni?"

Ndinati ayi, sanandiphunzitse. Mayiwo anaomba m'manja kamodzi nkunena mawu ena, anzawo anavomereza. Awo P. sanatanthauzire.

Anangotambasula dzanja kwa a Eveless, anamupatsa kiyi. Analowa, anakankha windo la ku mankhwala, linatseguka ndi kulira kwake kuja. Amayi ananyamuka ndi mabuku awo a kuchipatala, akukankhana, wa mpango wofiira patsogolo. Ine ndinali chiimire pomwe ndinalankhulira, osadziwa kolowera.

P. analandira buku loyamba, maso ali pa kompyuta. "Asisi, tasunthani pamenepo. Mukutchinga mzere."

Ndinasuntha.